Galu wanga sakumata pamwendo, heel munamuphunzitsa bwanji anzanga?

MwiniRex:
Abale muli bwanji nonse, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi German Shepherd wa miyezi 9, kukhala pansi amatha, kugona amatha, ukamuitana amabwera bola pasakhale galu wina pafupi. Koma heel yatikanika. Chomwe ndikufuna sikungoti asiye kukoka chingwe ayi, ndikufuna kumata pamwendo kuja, phewa lake lili pabondo langa, maso ali pa ine, ndikaima nayenso akhale pansi osachita kumuuza. Panopa tikangotuluka pageti amakhala patsogolo mphuno ili pansi, ndikamukoka amabwerera pang'ono kenako wapitanso. Ndikagwira nyama m'manja amayesetsa ndithu koma amandidutsa kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kumuponda, nyama ikatha basi ine sakundidziwanso. Amene munadutsamo munayambira pati?

Kambuku04:
Mugulireni tcheni cha m'khosi chija chimathina akakoka. Akangodutsa bondo gwedezani kamodzi mwamphamvu nkumasula. Anga onse ndinawaphunzitsa choncho palibe amandikoka.

MayiWaBella:
@Kambuku04 kusakoka ndi nkhani ina, zomwe akufunsa achimwenewa ndi zina. Tcheni chingamuletse kudutsa bondo inde koma sichingamupangitse kuti azikuyang'anani kumaso mchira ukugwedera. Galu woopa kugwedezedwa amayenda motsalira, makutu atagona, mutu pansi.

@MwiniRex pamsewu si poyambira. Pali fungo la agalu ena, njinga, ana akuthamanga, zonsezo zikumuitana nthawi imodzi. Bwererani m'nyumba kaye, chingwe chotsani, musayende olo sitepe imodzi. Ingoimani galu ali kumanzere kwanu, khalani chete, mudikire. Ayang'ana uku ndi uku, anunkhiza dzanja, kenako atukula maso kukuyang'anani, pomwepo nenani "eya!" nkumupatsa kachidutswa. Bwerezani mpaka iye yekha adziwe kuti kukuyang'anani ndi komwe kumatulutsa chakudya. Kuyenda kumabwera pambuyo, mukayamba ndi kuyenda maso musanawapeze mudzangokhala ndi galu woyenda pafupi nanu koma maganizo ali kwina.

Lamanzere_K9:
Mayi anena zoona. Ine ndifunse kaye a MwiniRex, nyamayo mumaigwira dzanja liti?

MwiniRex:
Lamanja. Chingwe chimakhala kumanzere poti galunso ali komweko.

Lamanzere_K9:
Nde ndi pomwepo pakuchokera kukudutsani kuja. Galu amapita komwe chakudya chimatulukira, chikamachokera kudzanja lamanja iye amapinda thupi kuzungulira miyendo yanu kuti achifikire msanga, mutu umakhala kutsogolo kwanu matako atatayikira kunja. Sinthani, chingwe chigwireni kumanja chidutse kutsogolo kwanu chili lende, nyama ikhale kumanzere. Pomupatsa dzanja likhale pamsoko wa thalauza lanu pomwe mukufuna mutu wake uzikhala, osati patsogolo pa bondo, osatinso kutali ndi mwendo. Mukamupatsira masentimita ochepa chabe kutsogolo, mawa adzakhala ali pomwepo.

Akazolowera kuima pamalopo maso ali pa inu, pondani sitepe imodzi yokha, yambani ndi phazi lamanzere chifukwa ndi lomwe lili pafupi ndi maso ake, limamuuza kuti tanyamuka. Akasuntha nanu "eya", chakudya pamsoko. Sitepe imodzi imeneyo musaiderere, ambiri amathamangira masitepe 20 yoyambayo isanakhale bwino. Kenako awiri, atatu, koma osamangokweza nthawi zonse, muzisakaniza, pano atatu, pano imodzi, pano asanu, pano awiri, asamadziwe kuti mphoto ibwera liti. Mphindi 3 kapena 5 zakwana, bola kangapo patsiku. Musiyeni akadali kufuna.

Za nyama ikatha ine sakundidziwa zija, ndi chifukwa choti nyamayo akuiona. Ikhale m'manja masiku oyamba okha pomusonyeza malo, ikatero ilowe m'thumba, dzanja lopanda kanthu lizipanga chimodzimodzi, akachita bwino "eya" kenako mupise m'thumba. Dongosolo lake ndi limenelo, achite kaye, amve mawu, chakudya chioneke pomaliza.

Kambuku04:
Chimenecho ndi chiphuphu basi. Galu azimvera chifukwa ndinu mbuye wake osati chifukwa cha nyama. Tsiku lomwe mwatuluka opanda kanthu m'thumba mudzatani?

Dalitso_wa_mabwalo:
@Kambuku04 inuyo kuntchito atasiya kukulipirani nkumati zigwirani poti bwana ndi bwana mungapitirize? Chiphuphu ndi chija mumaonetsa asanachite, malipiro amabwera atachita. Ndipo akadziwa bwino simumupatsa sitepe iliyonse, mumatalikitsa, nthawi zina mphoto ndi mpira, nthawi zina kumulola akanunkhize pamtengo pomwe amafuna.

Kambuku04:
Galu si munthu achimwene. Galu ndi mmbulu, pagulu pawo pamakhala wamkulu mmodzi amene amatsogola, ukamulola kuyenda patsogolo pako ndiye kuti wamupatsa udindo.

NyenyeziVet:
Izi za wamkulu wa gulu ndiyankhepo poti zimabwera nthawi zonse. Zinachokera pa kafukufuku wa Rudolf Schenkel wa 1947, anayang'ana mimbulu yotsekeredwa ku zoo ya ku Basel ku Switzerland, mimbulu yosachokera banja limodzi yomwe anaiika malo amodzi nde inkalimbirana. Katswiri wa mimbulu David Mech amene anathandiza kufalitsa maganizo amenewa anadzaona mimbulu yakutchire kwa zaka zambiri, mu 1999 analemba kuti gulu la mimbulu kutchire ndi banja chabe, makolo ndi ana awo, ndipo iye mwini anapempha anthu kuti asiye kalankhulidwe kotchula wamkulu wa gulu kuti alpha kaja. Galu wa a MwiniRex sakufuna udindo, akukoka chifukwa amayenda msanga kuposa munthu komanso nthawi zonse akakoka amafika pomwe amafuna. Chinanso, galu ukamukoka m'khosi thupi lake limakankhira mbali inayo lokha, nde kukokana kumangoonjezera.

Za tcheni ine monga wa ziweto sindimachikonda. M'khosi muli kholingo, mitsempha yopita kumutu, chithokomiro, kugwedeza mwamphamvu mobwerezabwereza pamalo amenewo si zoseweretsa makamaka kwa galu amene akukulabe.

Kambuku04:
Anga sanadwalepo khosi. Ndikamapita nawo panja anthu amachita kuima kuwayang'ana.

MayiWaBella:
Sitikukana kuti amayenda bwino bambo, koma tayesani tsiku lina kuchotsa tchenicho mkati mwa mpanda muone ngati akhale pamwendo okha. Mayeso ake ndi amenewo.

kaPug_kanga:
Pepani ndilowerere, ine kanga ndi ka pug, mutu wake sufika ndi pabondo pomwe. Za dzanja pamsoko wa thalauzazi ndikachita ndiyenera kuwerama nde kakaona ndawerama kamalumpha. Ndipange bwanji?

Lamanzere_K9:
@kaPug_kanga tengani supuni yamtengo yaitali, pakani chakudya chofewa kumapeto kwake, muigwire motsata mwendo wamanzere. Kakachita bwino mutsitse kanyambite kamodzi nkuikwezanso. Inu muyende chilili. Ndipo pa pug tcheni kapena chilichonse chothina m'khosi ayi ndithu, agalu a mphuno zazifupiwa kupuma kumawavuta kale, kavekeni hanesi ya pachifuwa.

Tsoka_Sasimba:
Hanesi imaphunzitsa galu kukoka, si ndi yomwe amavala agalu okoka ngolo pa chipale aja?

NyenyeziVet:
Hanesi siphunzitsa kanthu, imangopangitsa kuti kukokako kusapweteke. Pali ina yokolekera chingwe kutsogolo pachifuwa, akakoka imamutembenuzira kwa inu. Koma olo imeneyo ndi yothandizira chabe pamene mukuphunzitsa.

Poti takamba za chakudya, tizidutswa tikhale tating'ono ngati nsonga ya chala, tofewa toti amangomeza, akamatafuna nthawi yaitali maganizo amachoka. Zopatsa ngati mphotozi zisapitirire 10 peresenti ya chakudya cha tsiku, kapena ingotapani pa chakudya chake chomwecho nkuphunzitsira asanadye. Chokoleti, anyezi, mphesa zaziwisi ndi zouma zomwe, komanso chilichonse chokhala ndi xylitol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga) musayerekeze, ndi poizoni kwa galu.

Tsoka_Sasimba:
Mphesanso? Izi sindimadziwa. Wanga amadya chilichonse chagwa pansi.

NyenyeziVet:
Eya zimaononga impso, ndipo galu wina zimamupweteka atadya zochepa chabe. Akadya thamangirani kwa dokotala wa ziweto osadikira kuti ayambe kusanza.

AgogoAlenje:
Ana inu ndifunse nawo, chifukwa chiyani aliyense akuti kumanzere kumanzere? Ine dzanja lamanzere ndi lomwe ndimagwirira ndodo.

Dalitso_wa_mabwalo:
Agogo palibe lamulo ngati simukupita kumpikisano. Zinachokera kwa alenje ndi asilikali, anthu ambiri mfuti amagwira kumanja nde galu amakhala kumanzere kuti asasokoneze. Mipikisano ya kumvera inangotengera zomwezo. Inu muphunzitseni kumanja, zonse zomwe anena a Lamanzerezi muzingotembenuza, chakudya kudzanja lamanja, kunyamuka ndi phazi lamanja.

AgogoAlenje:
Zikomo mwanawe, ndamva.

MwiniRex:
Tibwerere kwa Rex pang'ono abale. Zosintha dzanja zija ndayesa m'nyumba, kudutsa kutsogolo kwachepa kwambiri, zikomo a Lamanzere. Koma ndikakhotera kumanzere timagundana, ndimamuomba ndi bondo. Kumanja amatsalira nkupita kutali ndi mwendo. Komanso clicker ija, kachipangizo kolira ukakadina, ndiyofunika kugula kapena "eya" yemweyu akwana?

Lamanzere_K9:
Kukhotera kumanzere ndi kovuta kwa galu aliyense chifukwa iye ali mkati mwa kona, ayenera kuchepetsa liwiro nkusunthira miyendo yam'mbuyo kumbuyo kwanu, pomwe agalu ambiri sadziwa nkomwe kuti miyendo yam'mbuyo angaiyendetse payokha, imangotsatira yakutsogolo. Mankhwala ake ndi beseni. Pezani beseni lolimba losaterera, livundikireni pansi, muphunzitseni kuponda pamwamba ndi miyendo yakutsogolo yokha. Akazolowera imani moyang'anizana naye, sunthani pang'ono chammbali mozungulira beseni, kuti apitirize kukuyang'anani ayenera kusuntha matako. Mwendo wam'mbuyo ukangosuntha olo kamodzi "eya". Poyamba adzatsika pabeseni, adzakhala pansi, adzakuuwani mwina, musakalipe ingoyambiraninso. Pang'onopang'ono adzazungulira beseni lonse, kenako inu muime pambali pa beseni iye azungulire mpaka nthiti zake zigunde mwendo wanu wamanzere, apo ndiye pamalo pa heel. Mukadzachotsa beseni kona ya kumanzere idzakhala yosavuta chifukwa akudziwa kale kubweza matako.

Kumanja ndi zosiyana, iye ali kunja kwa kona nde mtunda wake ndi wautali, ayenera kuthamangirako. Musamuyembekezere, ndipo musatembenuze phewa kumuyang'ana m'mbuyo chifukwa phewa lanu lamanzere likabwerera m'mbuyo limamukankhira m'mbuyo iyenso. Khotani ndi masitepe afupiafupi, mukangomaliza kona onjezani liwiro pang'ono, akakupezani pamwendo mphoto yaikulu pomwepo, kaya mpira muuponye kutsogolo.

MayiWaBella:
Za clicker sikuti mpaka mugule. Ntchito yake ndi kumuuza galu kuti chimene wachita pa sekondi imeneyi ndi chomwe chakupezetsa chakudya. Njirayi inachokera kwa katswiri wa za khalidwe la anthu ndi nyama B.F. Skinner ndi ophunzira ake Keller ndi Marian Breland m'ma 1940, kenako Karen Pryor amene ankaphunzitsa ma dolphin ku Hawaii ndi amene anaifalitsa kwa eni agalu. Ubwino wa clicker ndi woti imalira chimodzimodzi nthawi zonse, mawu athuwa amasintha tikatopa kapena tikakwiya. Koma pa heel manja amakhala odzaza kale, chingwe uku chakudya uku, ine ndimaona pakamwa ndi pophweka. Chachikulu musachedwe, mukanena "eya" iye atayang'ana kale kumbali ndiye kuti mwalipira kuyang'ana kumbaliko.

Tsoka_Sasimba:
Nanga kolala yamagetsi ija ya rimoti? Ndimaona pa YouTube agalu akuyenda mwaulemu kwambiri.

NyenyeziVet:
Ku Wales anailetsa mu 2010, ndipo si dziko lokhalo. Munthu amene akuphunzira kumene nthawi yonenera "eya" ndi yemweyo adzalakwitse nthawi yodina batani, galu nkugwirizanitsa ululuwo ndi mwana kapena galu amene amamuyang'ana nthawi imeneyo. Pa heel palibe chifukwa chake.

Chikondi_pa_Agalu:
Ine pali chomwe sichikundisangalatsa pa nkhani yonseyi. Galu dziko amalidziwa ndi mphuno, tsiku lonse wakhala mumpanda, nthawi yokhayo yotuluka nde mukufuna ayende khosi lili chagada kuyang'ana nkhope yanu? Kwa ine kumeneko ndi kumuzunza olo mukumupatsa nyama. Musiyeni galu akhale galu.

Dalitso_wa_mabwalo:
Achemwali apa tikugwirizana kuposa mmene mukuganizira. Heel ya maso m'mwambayi si yoyendera ulendo wonse, palibe galu angaikwanitse kwa mphindi 30 ndipo khosi lingamupweteke. Olo ku IGP, mpikisano uja unkatchedwa Schutzhund kenako IPO mpaka anausintha dzina mu 2019, heel yake ndi ya mphindi zochepa, masitepe pafupifupi 50 molunjika, kutembenuka, kuthamanga, kuyenda pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa gulu la anthu, mfuti kulira kawiri galu osatekeseka, basi yatha. Ndipo agalu amenewo akachoka pabwalo amanunkhiza ngati galu wina aliyense.

Nde pali zinthu ziwiri zoti galu azisiyanitsa. China ndi kuyenda wamba chingwe chili lende, apite kutsogolo, kumbali, anunkhize, lamulo ndi limodzi loti chingwe chisakungike, chikakungika inu mwaima kapena mwatembenuka. China ndi heel, ya podutsa msewu, popanikizana ndi anthu, pokumana ndi galu wolusa, masekondi 20 kapena 30. Ndipo pakhale mawu omumasula, ine ndimati "pita", akamva amadziwa kuti ntchito yatha. Popanda mawu amenewo galu amadzimasula yekha nthawi yomwe wafuna, heel nkumaonongeka.

Chikondi_pa_Agalu:
Ngati ndi choncho ndilibe nazo vuto. Koma ndimawaona anthu pamsewu akungoti heel heel heel njira yonse galu atatopa lilime panja.

MayiWaBella:
Kubwerezabwereza mawu kumeneko ndi komwe kumawapha mphamvu. Kamodzi kokha ponyamuka. Ndipo a MwiniRex mawuwo musawayambe pano, dikirani mpaka azichita bwino ndi dzanja lokha, mukawanena pamene akukoka adzaganiza kuti heel ndi kukokako.

Kambuku04:
Chabwino za beseni ndiyesa pa wamng'onoyu ndione. Koma tcheni sinditaya.

Lamanzere_K9:
Yesani bambo, koma pochita za besenizo mumuvule tchenicho, akamaopa kulakwitsa sayesa kusuntha miyendo.

MwiniRex:
Beseni walikonda kwambiri, akangoliona amathamangira kukaponda yekha. Kuzungulira akutha mbali imodzi, inayo akuvutikabe. Vuto latsopano ndi poima, ndikaima amakhala pansi inde koma mopingasa, matako kunja nkhope kwa ine. Ndimukankhe ndi dzanja kuti awongoke?

Lamanzere_K9:
Osamukankha, mukamukankha amalimbana ndi dzanjalo ndipo saphunzirapo kanthu. Zoti mbali ina ikumuvuta si zachilendo ayi, pafupifupi galu aliyense ali ndi mbali yofooka, ipatseni nthawi yambiri. Yomwe mukuifuna kwambiri pa heel ya kumanzere ndi ija matako amabwera kumwendo wanu.

Kukhala mopingasa kukuchokera pa zinthu ziwiri. Choyamba kuyambira ali kamwana wakhala akulandira chakudya atakhala kutsogolo kwanu, nde akamva kuti tikuima thupi limafuna kupita komweko. Chachiwiri onani mapewa anu, ngati mukuwerama kumuyang'ana iyenso amapotoka. Chitirani m'mbali mwa khoma, galu akhale pakati pa inu ndi khomalo, mpata wongokwanira thupi lake, matako alibe kothawira. Musaime mwadzidzidzi, chepetsani masitepe awiri omaliza kuti adziwe, poima kwezani dzanja lamanzere pang'ono pamwamba pa mphuno yake akhale. Pomupatsa chakudya dzanja likhale chakunja pang'ono kwa mphuno yake, mutu ukapita kunja matako amalowa mkati okha. Akakhala mopingasa musalipire komanso musakalipe, pondani sitepe ina muyesenso. Akazolowera muzitalikira khoma pang'onopang'ono.

kaPug_kanga:
Supuni ikugwira ntchito, kulumpha kwasiya!

MwiniRex:
Nde pamsewu tibwerere liti? Chifukwa kuyenda naye ndiyenera kuyenda naye tsiku lililonse, sangadikire mpaka heel ithe.

Dalitso_wa_mabwalo:
Kuyenda pitirizani koma kukhale kuyenda wamba kuja, mawu a heel musawatchule kunjako panopa. Ngati nkotheka chingwe cha ulendo chikhale chachitali pa hanesi, cha heel chachifupi pa kolala wamba, amasiyanitsa msanga. Heel muituluke nayo mwa masitepe, m'nyumba, kenako pakhomo, kenako pageti lili lotseka, kenako geti lotsegula inu muli mkati, kenako panja nthawi yomwe kuli zii. Malo aliwonse atsopano bwererani ku sitepe imodzi ndi kulipira pafupipafupi ngati tsiku loyamba, chifukwa galu zomwe waphunzirira pabalaza saganiza kuti zikugwiranso ntchito pamsewu. Akakana chakudya chomwe amachikonda kunyumba dziwani kuti chomusokonezacho chili pafupi kwambiri, talikirani mpaka ayambenso kudya nkuyambira pamenepo.

NyenyeziVet:
Ndiwonjezere kuti pa miyezi 9 ali pa msinkhu wovuta, lero achita bwino mawa ngati sanamvepo, zimenezo zimatha akamakula. Mafupa a agalu akuluakuluwa amakhala asanakhwime mpaka chaka ndi miyezi ingapo nde za beseni ndi makona zikhale zazifupi, pamalo posaterera. Mukaona akukhala mopendekera mbali imodzi nthawi zonse olo pakhoma, kapena akuvutika podzuka, kamuyezetseni chiuno chifukwa ma German Shepherd vuto la mafupa a m'chiuno ndi lofala.

MwiniRex:
Podzuka alibe vuto koma ndikapita naye kukabaya katemera ndikawauza amuone chiunocho. A Lamanzere ndikajambula kavidiyo ka pakhomapo ndikaika pano mundionere mapewa anga.

Lamanzere_K9:
Ikani, koma foni muiike kumbuyo kwanu kapena kutsogolo osati chammbali, chammbali kupotoka kwa matako sikuoneka.